Nkhata ya Pachitseko cha Sandra

Bembeke, 3 Malichi 2024

Mwana wanga Timoteyo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi apongozi anga ndi ana ku Lilongweko. Kuno mvula yachuluka, kachewere wayamba kuwolera m'munda wa kudambo, koma nkhani imene yandikhazika pansi si imeneyo.

Lachiwiri likubwerali ukwana mwezi chimwalirireni abambo ako. Mwezi wathunthu, mlongo wako Sandra ku Ireland osadziwa kanthu. Ndikukumbukira zimene unanena pamaliro paja, kuti munthu amene anapita padera kawiri sauzidwa zoterezi ali woyembekezera, tidikire achire mu Juni. Ndinavomera, sindikukana. Koma iwe ntchito yako ndi kungojambula makalata angawa pafoni n'kumutumizira, pamene wolemba bodzalo ndine. Ndikamalemba kuti "abambo ako akupereka moni" ndimayamba ndaika kaye cholembera pansi.

Chatithandiza n'choti abambo ako a Rafaelo makutu anali atagontha kalekale, ndiye Sandra anazolowera kuti pafoni salankhula nawo, amangowalembera. Foni yanga ndinaitsekera m'sutikesi monga unanenera, chifukwa atamva mawu anga akhoza kudziwa pompo. Ndinamulembera kuti inagwera m'ndowa. Waona, bodza limodzi laitana kale linzake.

Kalata yake ndaiika m'envulopu momwemu, ndapatsira a Yohana a minibasi. Sandra akayankha usaigoneke, uisindikize tsiku lomwelo. Undiuzenso mmene akumvekera ukamalankhula naye.

Ndine mayi ako,
Magadalena


Limerick, 11 Malichi 2024

Okondedwa amayi ndi ababa,

Landirani moni wochokera kuno kutali. Ine ndi a Kizito tili bwino. Mzere wotsatirawu ndi wa amayi okha, ababa mudumphe: mlendo uja wayamba ndewu, akundiponda usana wonse, ndipo adokotala akuti zonse zikuyenda bwino. Mwezi wachisanu ndi chimodzi uno, malo amene sindinafikepo n'kale lonse. Ndikuyenda ngati ndasenza mazira.

Ababa, mwayamba ulesi. Makalata atatu tsopano osaona ngakhale kamzere kanu pansi. Amayi akuti zala zikuwawa ndi nyamakazi, koma ine ndikudziwa kuti aphunzitsi opuma sasiya cholembera chofiira chifukwa cha nyamakazi. M'kalata muno ndalakwitsa dala mawu awiri, muwapeze.

Kuno chisanu chayamba kutha. Mitengo imene inali ngati nkhuni yayamba kuphuka, ndipo m'mbali mwa msewu mwadzaza timaluwa tachikasu.

Amayi, ndili ndi pempho. Ndiphunzitseni kuluka nkhata ya maluwa. Zaka zonse zija munkalukira anthu a mumphakati wathu wa kutchalitchi ndinkangoonera patali, chifukwa ana munkatithamangitsa pakhonde. Ndikufuna kuipachika pachitseko chakumaso, kuno anthu amatero nyengo ino. Zam'sitolo ndi zapulasitiki, zilibe fungo. Ine ndikufuna ya mkungudza weniweni, wonga wa mpanda umene ababa amadulira Loweruka lililonse. Masiku ano fungo limenelo likungondibwerera, sindikudziwa chifukwa chake.

Mundilembere zonse, kuyambira poyambira penipeni. Nanga foni ija mudzakonzetsa liti?

Ndine mwana wanu,
Sandra


Bembeke, 14 Malichi 2024

Timoteyo,

Moni sinditalikitsa. Sandra akudziwa.

Werenganso kalata yake uone. Ine ndaluka nkhata zaka makumi atatu, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene inapita kwa munthu wamoyo. Aliyense kuno amadziwa kuti Magadalena akadula mkungudza ndiye kuti kwagwa zovuta. Lero mwana wanga, amene anakulira pakhonde lomwelo, akuti ndimuphunzitse, ndipo akutchula mpanda wa abambo ake. Mpanda womwe uja anagwera pansi pake, Timoteyo.

Mlongo wako sindikumudziwa lero. Ali wamng'ono, akakwiya sankanena, ankangoyamba kufunsa mafunso ofatsa mpaka wolakwa aulule yekha. Khotekhote ngwa njoka, tsata kumene kwaloza mutu. Mutu wa kalata imeneyi waloza kumanda.

Mwana wa a Alufeo a ku Kabwazi ali ku Dublin, ndipo amayi ake anali nafe pamaliro kuyambira tsiku loyamba. Ukuganiza kuti a Malawi ali kunjako sakumana? Wamva kwa anthu, ndipo tsopano akudikira aone ngati mayi ake omubereka apitirize kumunamiza. Chakudya sichikulowa. Undiyankhe msanga.

Mayi ako


Lilongwe, 16 Malichi 2024

Okondedwa amayi,

Tonse kuno tili bwino, ana akufunsa kuti mapichesi a agogo anatha kodi.

Amayi, mtima m'malo. Sandra sakudziwa kanthu. Dzulo ndalankhula naye nthawi yaitali, amangoseka, kundinena kuti ndanenepa ngati bwana wa kampani. Munthu amene wamva za imfa ya bambo ake saseka choncho. Mwana wa a Alufeo ndinamuimbira sabata yomwe ija ya maliro, ndipo analumbira kuti sadzatsegula pakamwa.

Za nkhatazo, azungu ndi choncho. Amapachika pachitseko pa Khirisimasi, amapachikanso maluwa akayamba kuphuka, popanda ngakhale nkhuku imene yafa. Kwa iwo n'chokongoletsera basi, ngati mmene inu mumayalira kansalu koluka patebulo.

Mukakana kumuphunzitsa ndiye ayamba kudabwa. Mulembereni kalukidwe kake bwinobwino, muikemo moni wa ababa monga mwa masiku onse. Tatsala ndi miyezi itatu yokha. Kumbukirani mmene zinalili ulendo wachiwiri uja, pamene anakhala chaka chathunthu osafuna kuona mwana wa munthu. Zimenezo ndi zimene tikupewa. Akadzatikwiyira adzatikwiyire mwana ali kumsana.

Ndine mwana wanu,
Timoteyo


Bembeke, 18 Malichi 2024

Mwana wanga Sandra,

Kalata yako ndailandira, ndathokoza Mulungu kuti mlendoyo ali ndi mphamvu. Usanyamule zolemera. Kuno chimanga chayamba kukhwima, nkhungu ikumakuta phiri mpaka dzuwa kukwera. Abambo ako akupereka moni, akuti mawu awiri aja awapeza.

Za nkhata, imva tsono. Yamba ndi mkombero. Upeze nthambi ziwiri kapena zitatu zanthete, ine ndimadula za mpichesi. Usazipinde mwaukali, zimathyoka. Uzikhotetsa pang'onopang'ono pabondo, uku ukuzipotana, mpaka nsonga zikumane, ndiye umange ndi kawaya. Ukule ngati mbale yaikulu ya ndiwo, ukaposa pamenepo umalemera n'kupindika.

Mkungudza udule tinthambi totalika ngati chikhatho chako, umange timitolo ta tinthambi titatu kapena tinayi. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa: timitolo tonse tiyang'ane mbali imodzi, kalikonse kaphimbe tsinde la kanzake, kuti ulusi usaoneke. Ukatembenuza kamodzi kokha, nkhata yonse imaoneka ngati nkhuku yonyowa. Ulusi usaudule, uzingozunguliza mpaka ubwerere pamene unayambira.

Maluwa ndi omalizira. Uthyole m'mawa mame asanaume, ulowetse atatuatatu pakati pa masamba. Usathinitse ulusi pakhosi pa duwa, limafota tsiku lomwelo. Ukamaliza uwaze madzi ndi zala, uiike pamthunzi.

Ine pansi pake ndimasiya kampata komangapo kapepala ka dzina. Iwe usasiye kampata, yakoyo si ya mtundu umenewo.

Koma Sandra, ngati pali china chimene ukufuna kundifunsa, funsa. Ndine mayi ako.

Magadalena


Limerick, 24 Malichi 2024

Amayi,

Moni wa Lamulungu la Kanjedza. Ndalemba mwachidule chifukwa zala zonse zili mabala, simunandiuze kuti kawaya kamaluma chonchi.

Ndakwanitsa. Achimwene akusindikizirani chithunzi, muone nokha. Mkungudza anandipatsa agogo ena oyandikana nawo nyumba, a Kizito ndi amene anakwera pampando kukhoma msomali. Ndinamasula kawiri, ulendo wachitatu ndi umene inagwira. Kampata kaja kanatsala kokha ngakhale munandiletsa, mtolo womaliza unakana kulowa, ndiye ndamangapo kansalu kofiirira poti tili m'Lenti.

Ndikatsegula chitseko fungo lake limandifikitsa kwathu, mpaka dzulo misozi inatuluka. Muwaonetse ababa chithunzicho, muwauze kuti nkhata imeneyi ndi yawo.

Sandra


Bembeke, 27 Malichi 2024

Sandra mwana wanga,

Kalata iyi siidzera kwa Timoteyo. Ndapempha asisitere ena a kuno kumishoni kuti akutumizire pafoni yawo.

Chithunzi ndachiona. Waima pakhomo utavala zakuda kuyambira kukhosi mpaka kumapazi, maso otupa, pamwamba pako nkhata ya mkungudza ya nsalu yofiirira, ndipo ukuti ndi ya abambo ako. Basi mwana wanga, ndamva. Usadzivutenso kundizungulira. Ukulira wekha kudziko la eni, ndipo ine amene ndimayenera kulira nawe ndakhala ndikukulembera za chimanga ndi nkhungu.

Amene anakuuza sindikumudziwa, ndipo sindimuimba mlandu. Koma uyenera kumvanso kuchokera kwa ine. Anagwa Loweruka pa 3 Febuluwale akudulira mpanda. Tinathamangira nawo kuchipatala ku boma, sanalankhulenso, ndipo Lolemba masana anatisiya. Sanavutike nthawi yaitali. Tinawaika Lachitatu, anthu anadzaza tchalitchi mpaka panja, ambiri anali ana awo a sukulu akalekale, ena a imvi kale.

Nkhata zawo ndinaluka ndekha. Amayi a mumphakati anandiletsa, amati namfedwa sagwira ntchito, koma ndinawauza kuti ya mwamuna wanga saluka wina. Ndinadula mkungudza wa pampanda womwewo, pamene analekezera. Ndinalukanso ina ya dzina lako, azakhali ako a Jesinta ndi amene anakakuikira ataitana ana.

Tinakubisira chifukwa cha mantha, poona mmene ulili. Moni yense wa abambo ako kuyambira Febuluwale ndinkapeka ndine. Za nyamakazi ndi za foni ndinapekanso ndine. Ndikhululukire. Popeza wadziwa kale ndipo Mulungu wakusunga, mtima wanga wapepukako. Foni ndaitulutsa, imba tilire limodzi.

Mayi ako wolakwa,
Magadalena


Lilongwe, 30 Malichi 2024

Amayi,

Mwachita chiyani?

Sandra samadziwa. Samadziwa chilichonse. Chakuda chija ndi chikhoti cha mphepo, ali nacho chimodzi chokha chimene chikumukwana pano. Maso otupawo ndi mimba. Kalata yanu inamupeza Lachinayi ali kukhitchini, ndipo alamu a Kizito akuti anamupeza atakhala pansi, foni ili m'manja.

Magazi anakwera kwambiri. Panopa ali m'chipatala, amugoneka. Alamu anandiyankha kamodzi kokha, mwaulemu koma mozizira, ndipo kuyambira pamenepo foni ikungoitana. Sandra wanditsekera, mauthenga anga sakupita n'komwe.

Ndinayamba kalatayi ndili ndi ukali, ndang'amba mapepala awiri. Koma madzi akatayika saoleka, ndipo amene anayambitsa zobisazi ndine, si inu. Ndinakusenzetsani katundu amene ine sindikanatha kumusenza sabata imodzi. Mawa ndi Pasaka, ndibwera ndi minibasi yoyamba. Musakhale nokha, pitani kwa azakhali.

Timoteyo


Bembeke, 2 Epulo 2024

Apongozi anga a Kizito,

Ndikudziwa kuti si mwambo kuti ine ndizikulemberani chonchi, koma ndasowa kolowera. Ndaimba kasanu, simukuyankha, ndipo sindikukudandaulani. Sindikupempha kuti Sandra andilankhule. Ndikungopempha mawu amodzi okha: ali bwanji, nanga mwanayo akugunda?

Foni ndikuyenda nayo m'manja, kumunda, kuchitsime, ngakhale m'tchalitchi. Dzulo kwa a Vinsenti kumtunda kuno kwagwa maliro, anabwera kudzandipempha nkhata. Ndinatenga mpeni n'kukaima pampanda, manja anakana. Koyamba m'moyo wanga ndawabweza anthu.

Chonde ndiyankheni, ngakhale nkhani ikhale yoipa. Ndaona ndekha kuti kubisa n'kotani.

Ndine mpongozi wanu,
Magadalena


Limerick, 5 Epulo 2024

Amayi,

Pepani pochedwa kuyankha, masiku onsewa ndimakhala kuchipatala. Ndayamba ndi kupepesa maliro a ababa. Anali bambo anga inenso, ndipo zikundiwawa kuti sindinaponye nawo dothi.

Sandra watuluka dzulo. Magazi atsika, koma sanafike pamene adokotala akufuna. Mwana akugunda. Amuuza kuti agone, asagwire ntchito iliyonse, ndipo azipita kukapimidwa kawiri pa sabata. Akuti mwina adzamuchiritsa masiku asanakwane. Zoposa apa sindingalonjeze, chifukwa iwonso sanalonjeze.

Kalata yanu ndamuwerengera. Pobwera kuchipatala ndinafuna kuchotsa nkhata ija pachitseko kuti asaione, koma anandigwira dzanja n'kunena kuti ndiisiye. Mupatseni nthawi, amayi.

Ndine mkamwini wanu,
Kizito


Limerick, 21 Epulo 2024

Amayi,

Ndili moyo, mwananso ali moyo. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndikudziwa kuti n'zimene mukudikira.

Sindinganame kuti ndakhululuka. Mwina zidzabwera, panopa sizinafike. Ndikagona apa ndimawerenga masiku. Tsiku limene munkawaika ababa ine ndinali m'sitolo kusankha makatani. Ndinawalembera makalata anayi ali m'manda, kuwaseka kuti ndi aulesi. Ndinaima pakhomo kujambulitsa, anthu odutsa akuyamikira maluwa, osadziwa kuti ndaluka nkhata ya maliro a bambo anga ndi manja angawa. Ndipo inu munandiphunzitsa mtolo ndi mtolo, mukudziwa.

Ndikumvetsa kuti munkaopa. Inenso ndikanaopa. Koma munandichotsa pa ana a m'nyumba mwanu, munandisandutsa mlendo woti azimuuza zabwino zokhazokha.

Nkhata ija yauma tsopano, maluwa anagwa, anzathu achotsa kale zawo. Yanga ikhala pomwepo mpaka nditadziwa chinthu chimodzi.

Pa 27 Januwale ndinalemba kalata yokuuzani kuti ndine woyembekezera. Ndinadikira miyezi inayi ndisanalembe, kuopa kukusangalatsani pachabe kachitatu. Mukudziwa kuti ababa anandilonjeza tsiku la ukwati wanga kuti azindipempherera kolona m'mawa uliwonse mpaka adzamve kuti zatheka, ndipo zaka zisanu ndi zinayi zinadutsa. Mu Febuluwale munandilembera kuti atamva anavula chipewa n'kuvina pabwalo. Kalata imeneyo ndinkagona nayo pansi pa pilo. Tsopano sindikudziwa ngati kuvinako kunachitika kapena munapekanso.

Ndiuzeni zoona, amayi. Kodi ababa anamva? Achimwene ndawafunsa, akungolira pafoni. Musandisankhire yankho loti ndipirire nalo, mundipatse limene lilipo.

Sandra


Bembeke, 28 Epulo 2024

Sandra mwana wanga,

Ndathokoza kuti wandilembera, ngakhale ndi mawu owawa. Onse ndawalandira, palibe limene ndingatsutse.

Kalata yako ndakhala nayo masiku atatu. Azakhali ako akuti ndingokuuza kuti anamva, palibe angadzanditsutse, ndipo iwe upeza mtendere pa nthawi imene ukuufunitsitsa. Ndinatenga cholembera kuti nditero. Ndi mawu amodzi okha, ndipo dzanja langali lazolowera.

Sanamve, Sandra. Kuvina kuja ndinapeka.

Kalata yako inafika kwa Timoteyo tsiku lomwe unalembalo. Ataiwerenga anaona kuti nkhani yotere si yopatsira a minibasi, anafuna kubwera nayo yekha kuti adzaone nkhope ya abambo ake akamawerenga. Anati abwera Lachitatu, kuntchito anamukaniza. Anati abwera Loweruka masana, ndipo Loweruka m'mawa ndi pamene anagwa. Anatipeza kuchipatala kalata ili m'thumba la jekete. Anawaonetsa pepalalo pamaso, anawakuwira kukhutu, koma maso anali atatseka kale. Ine anandipatsa Lachinayi, titabwerako kumanda. Usamude mlongo wako, chilango chimene akudzipatsa yekha n'chokwanira.

Chimene ndinaona ndi maso anga ndi ichi. Loweruka limenelo anadzuka monga mwa masiku onse, anakhala pampando wawo pakhonde, chipewa pabondo, napemphera kolona yako yonse mpaka kumapeto. Atamaliza anandiuza kuti, "Amake Timoteyo, Mulungu sagontha ngati ine, tsiku lina adzayankha." Kenaka anapempha tiyi, anamwa, n'kutenga chodulira mpanda.

Ankapempha chinthu chimene anali atapatsidwa kale, ndipo yankho linali ku Lilongwe m'thumba la jekete. Zoona zake ndi zimenezi, ndilibe zina zoonjezera.

Kolona yawo ndaisunga, ndi yako. Kuyambira tsiku limene tinawaika ndikupemphera ndine, pampando womwewo, ndipo sindisiya mpaka a Kizito adzaimbe mu Juni. Ukatha kundilembera, lemba. Ukalephera, ndidikira.

Ndine mayi ako,
Magadalena